Mphasa ya Pawindo

Dikoni anagwada pambali pa bedi la amayi ake, napisa mkono kunsi kwake mpaka phewa, n'kusolola thumba lalitali la nsalu.

"Nanga umu muli chiyani, Asisi? Ambulera?"

Chisamba anali pakati popinda madiresi a malemuwo n'kumawasanja m'sutikesi. Analiyang'ana thumbalo kamodzi n'kubwerera ku ntchito yake.

"Ndi mphasa yawo ya Lachinayi ija. Iike pakhomopo, tiona woti timupatse."

Maliro anaikidwa Loweruka, ndipo ili linali Lachitatu. Abale akutali anali atabalalika, mipando ya kutchalitchi itabwezedwa, m'nyumba mutangotsala fungo la maluwa ofota ndi ana awiri a malemu. Wamkulu anali telala wa zaka makumi anayi ndi zinayi, koma amayi ake ankamutchulabe Chisamba ngati anabadwa dzulo. Mlongo wake, chimusankhireni udikoni kutchalitchi, dzina lake lenileni linafera pomwepo, moti ngakhale amayi ake ankati "a Dikoni" akafuna kumuseka. Panalinso mwana wotsiriza, Mzime, koma ameneyo kwa zaka zinayi sankatchulidwa m'nyumbamo.

Dikoni anakhutula thumba lija pabedi. Munatuluka mphasa ya mphira yobiriwira, yoperepeseka pakati pomwe pamafika maondo, buku la nyimbo lothothoka chikuto, ndi kakhadi ka chingwe kokoleka m'khosi. Pakakhadipo panali chithunzi cha amayi awo atavala bulauzi yawo yoyera ya kwaya. Anakatengera pawindo n'kuwerenga mokweza, ndi mawu omwe amawerengera zolengeza Lamlungu.

"Ndende ya amayi. Chiphaso cholowera. Mphunzitsi wodzipereka wa yoga ndi kusinkhasinkha. Lachinayi lililonse."

Diresi lomwe linali m'manja mwa Chisamba linatsetsereka n'kugwa pansi.

"Tabwereza."

"Mwamva, Asisi."

"Koma si ankati amapita kokapuma?"

Amayi awo anali namwino. Atapuma pantchito, Lachinayi lililonse ankadzuka m'mamawa, kukoleka thumba lijali paphewa, n'kunena ali pakhomo kuti, "Lero musandifune, ndikupita kokapuma." Ana ankayesa kuti amakakumana ndi anamwino anzawo okalamba, kumamwa tiyi ndi kukumbutsana za odwala akale. Chisamba ankang'ung'udza ali pamakina. Munthu wopuma kale, akapumanso chiyani? Amayi ankangoseka. "Kupuma kulipo kwamitundumitundu, mwana wanga."

"Sananame," anatero Chisamba mwapansipansi. "Ife ndife sitinafunse."

"Yoga!" Dikoni anaponya kakhadi kaja pabedi. "Mayi wa kwaya, woyambitsa nyimbo m'maliro a anthu, kumakapinda miyendo ngati opembedza zachilendo? Abusa akamva ndiika kuti nkhope?"

"Nkhope yako ili pomwe inali. Anaphunzira kuchipatala nthawi ija msana unawavuta, waiwala? M'mawa uliwonse ankachita m'chipinda muno. Iwe unawapeza tsiku lina atagunditsa chipumi pansi, n'kutuluka monyang'ama uli, 'Amayi ali m'mapemphero amphamvu.'"

"Za msana ndi zina. Izi n'za Mzime izi."

 Chisamba anatola buku la nyimbo kuti manja ake apeze chochita, ndipo m'kati mwake munagwa pepala lopindidwa panayi. Linali lochokera kundende komweko. Linkanena kuti Mzime, chifukwa cha khalidwe labwino, akhoza kutuluka mwezi wamawa, kutatsala zaka ziwiri kuti chilango chake chithe. Chofunika chinali chimodzi: akuluakulu onse okhala pa nyumba yomwe akafikire asaine kuti amulandira. Panali mizere iwiri. Pamzere woyamba panali siginecha ya amayi, yopendekera kumanja monga mwa nthawi zonse. Wachiwiri unali wopanda kanthu. M'nyumbamo munkakhala anthu awiri okha, amayi ndi Chisamba.

Anayang'ana tsiku lomwe pepalalo linalembedwa. Amayi anayenda nalo milungu itatu, kudya naye pa tebulo limodzi, kupemphera naye, osalitulutsa. Tsiku lomaliza lolibweza linali mawa.

Dikoni ankawerengera pamwamba pa phewa lake.

"Musayerekeze, Asisi. Tayang'anani mkono wanuwo. Mukufuna muzigona ndi ndowa ya madzi kumutu?"

"Ndanena kuti ndisaina?"

"Ndikungokuchenjezani. Kukhululuka timakhululuka, ndi lamulo. Koma mphika umene unakuwotcha suugwiranso ndi manja."

"Mawa undiperekeze pa galimoto lako. Ndikabweze khadi lawo ndi pepala lawolo, zithere pomwepo."

Masana Chisamba anatulutsa makina pakhonde. Panali siketi ya mayi wina yomwe inadikira sabata yonse ya maliro, ndipo singano sidziwa kuti kwagwa zovuta. Anapinda mkono wa bulauzi, chipsera chija n'kuonekera, chonyezimira, kuyambira pachigongono mpaka pamfundo ya dzanja.

Zaka zinayi zapitazo anali ndi shopu yakeyake: makina atatu, atsikana awiri ophunzira kusoka, magalasi aatali, ndi kachipinda kogona kuseri. Khoma limodzi ndi shopuyo kunali chipinda cha Mzime ndi mwamuna wake. Mzime anabadwa ndi mtima wapachala. Ali mwana ankaswa mbale, atakula ankaswa mawindo. Tsiku limenelo mwamuna wake anabwera ndi mkazi wina masanasana n'kumuuza kuti alongedze. Mzime sanalongedze zake. Anaunjika masuti a mwamunayo pabedi, kuthira palafini, n'kukhwatcha machesi. Moto sufunsa kuti khoma ili ndi la yani. Unadya mdadada wonse, zipinda zisanu ndi chimodzi, ndipo bambo wina wokonza nsapato anagona m'chipatala miyezi itatu. Chisamba analowa mu utsi n'kutuluka ndi mutu wa makina amodzi ndi mpukutu wa nsalu yachikasu wopserera m'mbali. Nsaluyo anaitaya kudzala tsiku lomwe anasamukira kwa amayi ake. Makinawo ndi omwe ankapalasa tsopano.

Kukhoti sanapiteko. Kundende sanapondeko. Kutchalitchi sankajomba, ankaimba mokweza ngati amayi ake, koma m'pemphero lija lomwe aliyense amaliphunzira ali mwana, pakafika pa mawu a kukhululuka, iye ankangoyendetsa milomo. Ankadziwa kuti Mwini pempherolo amamva ndi zomwe munthu wadumpha. Amayi ake, omwe ankaima pambali pake, ayenera kuti ankamvanso, koma sanamufunsepo.

Chomwe ankachita n'chimodzi. Akamupeza atawerama pamakina, nsagwada zitalumana, ankaika chikhatho pakati pa mapewa ake n'kuti, "Puma, mwana wanga."

"Ndikapuma, siketi iyi isokedwa ndi angelo?" ankayankha motero, osacheuka.

Amayi ankasiya dzanja pomwepo kanthawi, kenaka n'kupita kukathirira maluwa.

Ulusi unaduka. Chisamba anayesa kuulowetsa pa singano katatu konse, koma maso anali atachita chifunga.

Lachinayi m'mawa Dikoni anaimika galimoto pansi pa mtengo, moyang'anana ndi chipata cha ndende, ndipo injini sanazimitse msanga.

"Mphindi khumi, Asisi. Ndili ndi msonkhano wa komiti ya denga."

"Sutsika?"

"Wina azilondera galimoto."

Pachipata anamulemba m'buku, kumulanda foni, ndi kumusecha thumba. Kenaka kunabwera msilikali wamkazi wojintcha, makiyi ali wejeweje m'chiuno, mizere itatu paphewa. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu ndinu Chisamba."

"Mwandidziwa bwanji?"

"Mapewa. Aphunzitsi ankati mwana wawo wamkulu amayenda mapewa ali m'makutu." Nkhope yake inafewa, nagwira dzanja la Chisamba ndi manja awiri. "Pepani ndi zovuta. Ine ndine Sajeni wa mbali ya amayi. Loweruka ndinali pantchito, ndikanabwera."

"Zikomo. Ndangobwera kudzabweza izi." Anatulutsa khadi ndi pepala.

Sajeni analandira khadi, koma pepala analitambasula, kuyang'ana mzere wopanda kanthu uja, n'kulipindanso momwe linalili.

"Ili silidzera mwa ine. Mukalipereke nokha kwa abwana, koma ali pamsonkhano mpaka ileveni koloko. Bwerani mudzadikire m'holo, kunja kuno dzuwa."

Holoyo inali yodyeramo. Mabenchi anali atakankhidwira kukhoma, pansi patakolopedwa, pakununkhira sopo wa mankhwala. Mawindo anali m'mwamba, a zitsulo, kupatula limodzi lakum'mawa lomwe linatsika pang'ono n'kumagwetsa dzuwa pansi ngati nsalu yoyalidwa. Amayi khumi ndi awiri ovala mayunifomu ofanana ankatulutsa mphasa za mphira m'kabati n'kumaziyala m'mizere. Mmodzi, wamfupi, wa mano otalikirana, ankalamula anzake ngati kapitawo.

"Ameneyo timamuti Loya," anatero Sajeni. "Mlandu wake anadziyankhulira yekha kukhoti. Anawonjezeredwa chaka."

Kutsogolo, mayi wina wowonda wometa tsitsi anali atagwada, akuwongola mphasa. Atadzuka, Chisamba anaona chipumi cha amayi ake, ndi imvi zingapo zomwe sizinayenere kukhala pamutu wa mwana wotsiriza.

Mzime anayenda pang'onopang'ono n'kuima patali mikono iwiri.

"Asisi."

"Ndabwera kudzabweza zinthu za amayi."

"Chabwino." Anaponya maso pa thumba lija. "Anavutika?"

"Ayi. Anathirira maluwa, n'kuti akagone pang'ono. Ndinapita ndi tiyi folo koloko."

Chisamba anadikira. Ankamudziwa mng'ono wake: kukuwa, kudzigwetsa, kugenda chilichonse chomwe chili pafupi. Koma Mzime anatseka maso. Chifuwa chake chinakwera pang'onopang'ono, chinaima, chinatsika. Katatu. Misozi inayenderera, manja ali chigwerere m'mbali.

"Loweruka tinaimba kuno," anatero potsegula maso. "A Sajeni anatiuza nthawi."

Chisamba anayang'ana pansi. Ankadziwa kuti banja likapempha, mkaidi amatha kuperekezedwa kumaliro a kholo lake. Palibe anapempha.

Mzime anaona pepala lija m'dzanja la mkulu wake.

"Za pepalalo musavutike nazo. Ndinawauza amayi kuti asakukakamizeni, ndipo sindikufuna mundisainire chifukwa choti amwalira. Zaka ziwiri ndikhala, ndazolowera." Anayang'ana mkono wa chipsera uja, osathawitsa maso. "Amayi ankati pakati pa machesi ndi moto pali mpweya umodzi. Tsiku lija sindinaupeze. Ndinakuwotcherani zonse, Asisi, inu amene munandibereka kumsana. Pepani. Ndikudziwa kuti pepani sasoka."

"Aphunzitsi aang'ono!" anakuwa Loya. "Teni koloko yakwana. Ena tili ndi maulendo!"

Amayi aja anaseka. Mzime anapukuta nkhope ndi chikhatho n'kubwerera kutsogolo. Chisamba anakhala pa benchi, thumba la amayi ake lili pamiyendo.

Anayamba ndi kukhala pansi chete, maso otseka. Mzime ankawerenga motsitsa mawu, kukoka mpweya mpaka kanayi, kuusunga, kuutulutsa mpaka kasanu ndi kamodzi. Kenaka anaimirira, manja m'mwamba, kuwerama, kugwira pansi, kuponya mwendo kumbuyo. Mafupa ankalira thethethe ngati nkhuni zouma.

"Tsopano mtengo," anatero Mzime, ndipo onse anaima ndi mwendo umodzi, manja atalumikizana pamwamba pa mutu.

"Wanga ndi mtengo wa papaya," anadandaula mayi wina wonenepa, akudzandira. "Kamphepo pang'ono, wagwa."

"Igwa bwino, usatiphwanyire mpanda," anatero Loya. "Angati timathawa."

Sajeni anadzakhala pa benchi pafupi ndi Chisamba, makiyi atawafumbata kuti asasokose.

"Poyamba ndinkati ndi masewera a anthu okhuta," ananong'ona. "Mayi anu anabwera katatu kudzapempha, abwana akuwabweza. Kachinayi anabwera ndi mphasa n'kuwauza abwanawo kuti agone pansi aone okha. Onani uyo wa papayayo. Ankamenya aliyense womuyang'ana, usiku osagona, kumangofuula dzina la mwana wake. Pano ndi amene amaleretsa ndewu. Mng'ono wanu chaka choyamba tinkamutsekera kwayekha mwezi ndi mwezi."

"Nanga za mapemphero? Mlongo wanga akuti izi n'zachikunja."

"Analipo ena otero, ngakhale muno. Mayi anu ankati, 'Mpweya uwu anatiuzira m'mphuno ndani? Ndiye ukaubweza kwa Mwini wake mwaulemu, walakwira yani?' Samakakamiza munthu pemphero, muno muli a zipembedzo zosiyanasiyana. Koma iwo akatseka maso, milomo inkayenda, ndipo tonse tinkadziwa amene akuyankhula naye."

Chisamba anayendetsa maso m'holomo. Amayi khumi ndi awiri, mphasa khumi ndi zitatu. Imodzi, yabuluu, inali pansi pa windo lakum'mawa, pomwe pamagwa dzuwa, popanda munthu. Anaganiza kuti aisiyira malemu, monga momwe mpando wawo wa kwaya unasiyidwira Lamlungu.

"Eee, anali mayi wathu tonse," anapitiriza Sajeni. "Aliyense muno ankamudziwa dzina, tsiku lotuluka, ndi mayina a ana ake."

Chisamba anadzambatuka pa benchi.

"Anali mayi wanu, inde." Mawu anatuluka okwera kuposa momwe ankafunira. "Ine ndi amene ndinali kunyumba. Kuwaphikira ine, kuwachapira ine, mankhwala a magazi kuwakumbutsa ine. Shopu inapsa ndi yanga, mkono unapsa ndi wanga. Koma Lachinayi lililonse, zaka zitatu, ankanyamula thumba kubwera kwa wowotchayo, ine n'kumandiuza kuti akukapuma. Kupuma ine, eti? Ndinkawalemera?"

Mitengo yonse inatsitsa miyendo.  Mzime anatsegula pakamwa, koma Loya anakweza dzanja.

"Bwana Sajeni, ndiloleni ndiimire malemu. Mlandu uwu wokha ndiwina."

"Yankhula, koma mwachidule."

"Mwachidule sindimatha, koma ndiyesa." Anapita pawindo paja n'kuima pambali pa mphasa yabuluu. "Mayi, inu mukuti mphasa iyi ndi ya yani?"

"Ya amayi. Mwawasiyira malo."

"Mwalakwa. Ya aphunzitsi ndi yobiriwira, ili m'thumba mwanumo, ndipo malo awo ndi kutsogolo. Iyi yakhala ikuyalidwa pano chiyambire, Lachinayi lililonse, popanda wogonapo. Malo abwino kuposa onse, nthawi yozizira timachita kuwalakalaka. Ine ndinayesapo kukhalapo tsiku lina, anandithamangitsa ngati nkhuku pa mphale. Ndinati, 'Aphunzitsi, kodi ndi ya mzukwa?' Iwo anati, 'Ndi ya mwana wanga wina. Nayenso ali m'ndende, koma yake ndi yovuta, makiyi ali nawo yekha.'" Loya anawerama n'kutola kalamba komangira mphasayo, komwe kanali kumutu kwake. "Umboni ndi uwu. Ndatha, bwana."

Anakaika m'manja mwa Chisamba.

Kanali kalamba ka nsalu yachikasu. M'mbali mwake, ngakhale anapinda mosamala, munkaonekabe mzere wakuda wa kupserera. Chisamba anaidziwa nsaluyo monga momwe munthu amadziwira mawu a mwana wake pakati pa khamu. Ndi ija anaitaya kudzala. Pakati pa kalambako panali posokedwa ndi ulusi wofiira, zilembo zokhotakhota: CHISAMBA.

"Ankayala okha," anatero Mzime, atafika pafupi. "Sankalola wina. Pomaliza ankaipukuta ngati pagona munthu. Ndinkawauza kuti, 'Amayi, Asisi sangabwere kuno.' Iwo ankati, 'Ine ntchito yanga ndi kuyala.'"

Chisamba anangozindikira kuti wafika pawindo paja, kalamba kali m'manja. Anafuna kubwerera pa benchi, koma benchi inali kutali, mphasa ili pafupi. Anavula nsapato, popeza onse anali osavala, n'kugwada pa mphira wofunda ndi dzuwa.

"Sindidziwa chochita," anatero.

"Apa palibe wodziwa," anatero mayi wa papaya uja. "Timangogwa mosinthana."

"Khalirani zidendene," anatero Mzime. "Tsopano weramani, chipumi chigunde pansi, manja muwasiye m'mbali. Amayi ankati uku ndi kugona kwa mwana."

Chisamba anawerama. Mphasayo inkanunkhira sopo wa kunyumba, yemwe iye mwini ankagula. Anamva amayi ena aja akubwerera m'malo mwawo, nawonso akuwerama. Kenaka chikhatho chinatera pakati pa mapewa ake, mopepuka, mwamantha, pamalo pomwe paja.

"Pumani, Asisi."

"Ndilibe nthawi yo..." Anayamba mwachizolowezi, n'kulekeza.

"Sindikunena za ntchito. Mpweya. Mwaugwira. Utulutseni."

Ndi pomwe anazindikira kuti analidi ataugwira, mano atalumana, mimba itauma gwa ngati thabwa. Zaka zonse zija amayi ake akuti puma, iye ankamva za kusiya makina. Anatsegula pakamwa. Mpweya unatuluka ndi kubuula komwe sanakuyembekezere, kenaka kulira, kulira kwenikweni komwe sikunabwere ngakhale kumanda. Palibe anamutonthoza, palibe anamuuza kuti alimbe mtima. Dzanja lija linangokhala pomwepo, likukwera ndi kutsika pamodzi ndi msana wake.

Pomaliza onse anagona chagada, manja otambasula, maso otseka.

"Ena amati uku ndi kugona kwa mtembo," Loya anamunong'oneza kuchokera pa mphasa yoyandikana. "Aphunzitsi anakana. Ankati muno mulibe mitembo, dzina lake ndi Sabata."

Anakhala choncho nthawi yomwe Chisamba sanaiwerenge. Wina anayamba kung'ung'uza nyimbo ya kwaya yomwe amayi ankaikonda, yopanda mawu, ena n'kulandira. Chisamba anapeza milomo yake ikunena pemphero la ubwana lija. Atafika pamalo pomwe ankadumpha, anaima, anakoka mpweya, n'kuwoloka.

Kutali, kuseri kwa mpanda, hutala ya galimoto inalira kawiri. Msilikali wina anasuzumira pakhomo n'kunong'oneza Sajeni.

"Akuti achimwene anu akufunsa ngati mwamangidwa," anatero Sajeni.

Chisamba anadzuka n'kukhala tsonga, akupukuta m'maso.

"Kawauzeni apume."

Holo yonse inaphulika ndi phwete, mpaka mayi wa papaya anagubuduka pa mphasa. Mzime yekha sanaseke. Ankayang'ana mkulu wake akutambasula pepala lija pa bondo.

"A Sajeni, mundibwereke cholembera."

"Asisi, ndanena kuti musachite chifukwa cha..."

"Iwe khala chete, ndine wamkulu." Anasaina pansi pa dzina la amayi ake, cholembera chikuboola pang'ono pepala chifukwa bondo si tebulo. "Chipinda cha amayi chilipo. Koma ndikuuziretu, mabatani onse uzisoka ndiwe, ine maso ayamba kuvuta. Ndipo Dikoni adzalankhula zambiri."

"Adzalankhula ndithu."

"Tidzamuyalira yake."

Mzime anagwada n'kugwira mkono wa chipsera uja ndi manja onse awiri, n'kuugunditsa pachipumi pake. Chisamba sanauchotse.

Amayi aja anayamba kukulunga mphasa ndi kubweza mabenchi, chifukwa nthawi ya chakudya inali itayandikira. Chisamba anatulutsa mphasa yobiriwira m'thumba n'kuipereka kwa mng'ono wake.

"Iyi ndi ya kutsogolo. Mwezi watsalawu uziigwiritsa ntchito ndiwe, kenaka tidzaona. Khadi lija a Sajeni alisunge, mwina pafunika kungosintha chithunzi."

Kenaka anabwerera pawindo, nagwada, n'kukulunga yabuluu ija yekha. Pomanga kalamba, diso lake la utelala linaima pa msoko. Unali msoko woipa. Mizere yokhota, ulusi wokhuthala, mfundo paliponse. Mtsikana wophunzira akanamubweretsera ntchito yotere, akanamuuza kuti asomole ayambirenso. Chala chake chinafunafuna poyambira kusomola, mwachizolowezi.

Atayang'anitsitsa anaona kuti sunali msoko umodzi woyenda. Kasoko kalikonse kanali pakokha, kolowa mbali iyi, kotulukira mbali inayo, n'kumangidwa mfundo yakeyake, kenaka ulusi n'kudulidwa. Amayi ake sanaphunzirepo kusoka nsalu. Anasoka momwe ankadziwira, momwe anasokera mabala kwa zaka makumi atatu m'chipatala, kukokera pamodzi mbali ziwiri zong'ambika, pang'onopang'ono, kuti zigwirane zokha.

Chisamba anachotsa chala. Anamanga kalambako momwe kanalili, n'kukaika mphasayo m'kabati, pamwamba pa zinzake.